Walker ayi, muyaleni pamphasa

Amake mwana, mwati wanu ali ndi miyezi 6, mukangomutsitsa kumsana amalira ndiye mukufuna kugula walker, kampando ka matayala komwe mwana amakhalamo nkumadzikankha ndi miyendo, kuti azisewera yekha inu muzichapa. Ine ndikuti musagule chonde. Wa mlamu wanga anagubuduka nayo pa sitepe ya pakhonde, chipumi kutupa, mkamwa magazi, mbaula ili pompo ndi poto wa nyemba, mayi ake anangolowa kukatenga mchere. Mwana ali m'menemo amathamanga kuposa mmene mukuganizira ndipo amafikira zinthu zomwe ali pansi sangazikhudze. Ku Canada anailetsa kugulitsa mu 2004, ife kuno tikulimbirana pa kaunjika, yothyoka tayala limodzi.

Komanso mwana amene sanakhazikike msana walker yachani? Amene akuti imalimbitsa miyendo aja kaya anamva kuti.

Yalani mphasa, pamwamba bulangete lopinda kawiri, mumukhazike miyendo atatangadza, kumbuyo ndi m'mbali muike mapilo kapena zitenje zokulunga. Masiku oyamba khalani naye pansi pomwepo ali pakati pa miyendo yanu, kenako muzisuntha pang'onopang'ono koma azikuonani ndi kumva mawu anu, chimene akulira nkuti mwasowa osati mphasayo. Mphindi 5 zakwana poyambira, akayamba kuwerama ngati wogona m'tchalitchi watopa, mugonekeni chafufumimba aziyesa kudzutsa mutu, ndi zomwe zimalimbitsa khosi ndi msana. Musamuike ali ndi njala kapena tulo, mungodzivuta.

Zidole musaononge ndalama. Kapu ya pulasitiki, mthiko, chivundikiro cha poto, ziwiri zokha pa nthawi, chimodzi muike patali pang'ono kuti azichifikira yekha. Chikamupulumuka musathamangire kumupatsa, musiyeni alimbane nacho kaye. Koma sesani pansi kwambiri, chilichonse chikupita mkamwa pano: mtedza, chimanga, ndalama zachitsulo, mikanda, totsekera mabotolo. Ndipo pabedi kapena pa sofa ayi ndithu, ngakhale mukungopita kukayanula thewera.

Zomukhazika m'beseni kapena m'katoni zomwe agogo athu amanena zimathandiza kwa kanthawi, koma osamusiya m'menemo m'mawa wonse, amangopindika osaphunzira kudzigwira, ndipo beseni limatha kupidiguka. La madzi ochapira lija likhale kutali.

Ambiri amakhala okha pakati pa miyezi 6 ndi 8 ndiye musatengeke ndi wa aneba. Akafika miyezi 9 asakukhala, kapena khosi likadali lofewa, mukawauze kusikelo amuone, osangomuyeza kulemera nkubwerako.