Amlodipine ndi simvastatin: bambo asasiye za BP, koma 40 ija yachuluka

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mabvuku, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Bambo awo, a zaka 68, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata, akhala akumwa amlodipine wa 10 mg chifukwa cha BP, ndipo amakatenga kukiliniki ya khonsolo. Miyezi itatu yapitayo dokotala wa pulayiveti m'tauni anapeza kuti mafuta a m'magazi otchedwa cholesterol ndi okwera, n'kuwalembera simvastatin wa 40 mg. Pano gogowa akudandaula ntchafu ndi mapewa, moti podzuka pampando amachita kugwira khoma. Mayiwa akufunsa kuti, kodi mankhwala awiriwa akumenyana? Nanga asiye ati?

Achemwali, musanapitirize kuwerenga, kafunseni bambo za mkodzo wawo. Ngati ukutuluka wakuda ngati tiyi wopanda mkaka kapena Coca-Cola, kapena wachepa kwambiri, musadikire kuti kuche. Kwerani nawo galimoto lero lomwe, kaya ku chipatala cha Parirenyatwa kaya cha Sally Mugabe, kuja timangoti ku Gomo. Mkodzo wotero ukhoza kusonyeza kuti minofu ikuphwanyika ndipo zinyalala zake zikutseka impso. Madokotala amati rhabdomyolysis. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika n'zosasewera nazo.

Ngati mkodzo uli bwino, mtima ukhale pansi pang'ono, komabe aonane ndi dokotala sabata ino ndipo mupemphe kuti awayeze magazi a CK, omwe amaonetsa ngati minofu ikuwonongeka.

Nkhani yake ili m'chiwindi. Mmenemo muli enzyme yotchedwa CYP3A4, tiiyerekeze ndi chigayo cha m'mudzi. Simvastatin amadalira chigayo chimenechi kuti agayidwe n'kuchoka m'thupi. Amlodipine naye amadzera pomwepo, ndipo amachichititsa kuyenda mwaulesi. Matumba a simvastatin amangounjikana pamzere, ndiye munthu womwa 40 mg thupi lake limakhala ngati wamwa yoposa pamenepo. Woyamba kulira ndi minofu ikuluikulu, ntchafu ndi mapewa, ndipo nthawi zambiri zimapweteka mbali zonse ziwiri. N'chifukwa chake mu 2011 bungwe loona za mankhwala la FDA ku America linalamula kuti womwa amlodipine asapyole 20 mg ya simvastatin patsiku, ndipo la MHRA ku Britain linanenanso chimodzimodzi mu 2012. Bambo anu akumwa kawiri mlingo umenewo, komanso ukalamba umawonjezera chiopsezo.

Ine sindikuloza chala dokotala uja. Ndikukayika ngati gogo anatchula n'komwe za amlodipine, chifukwa akuluakulu athu piritsi lomwe alimwa zaka khumi saliwerengeranso ngati mankhwala, kwa iwo lili ngati tiyi wa m'mawa. Khadi la kukiliniki linatsala m'kabati, dokotala n'kulemba zomwe wauzidwa.

Tsono amlodipine asasiye, ngakhale tsiku limodzi. BP ikakwera siigogoda, mumangoona munthu wafa ziwalo. Wofunika kusintha ndi simvastatin, ndipo kumuimitsa masiku ochepa podikira dokotala si koopsa ngati kusiya za BP. Dokotala akhoza kutsitsa mlingo kufika pa 20 mg kapena kuwasinthira ku mankhwala ena a cholesterol monga atorvastatin, amene sasokonezeka kwambiri ndi amlodipine, moti pali piritsi limodzi lotchedwa Caduet lophatikiza awiriwa. Rosuvastatin ndi pravastatin ndiye sadalira chigayo chija n'komwe, kungoti mufunse kaye mtengo kufamase.

Kwa ena amene mukuwerenga: mankhwala ena a BP monga enalapril, losartan, atenolol ndi HCT (hydrochlorothiazide) alibe mkangano wotere ndi simvastatin. Oopsa kuposa amlodipine akaphatikizidwa ndi simvastatin ndi diltiazem ndi verapamil, amenenso ndi a BP ndi mtima. Womwa ma ARV okhala ndi ritonavir sayenera kumwa simvastatin m'pang'ono pomwe, chimodzimodzinso amene wapatsidwa mankhwala opha mabakiteriya a clarithromycin kapena erythromycin. Zipatso za grapefruit, zomwe kwathu timati manyumwa, nazo zimatseka chigayo chomwecho. Malalanje ndi nachesi za ku Mbare Musika zilibe mlandu, chakumwa cha Mazoe wa malalanje nachonso ayi, kupatula shuga wake.

Munatchulanso kuti akakolo a bambo amatupa madzulo mpaka masokosi kusiya mzere. Izi nthawi zambiri ndi za amlodipine payekha, simvastatin sizimukhudza, koma muzinene ndithu kuti dokotala aonenso mtima ndi impso.

Tsiku lopitalo, ikani m'jumbo chilichonse chomwe gogo amamwa: mapaketi onse awiri, khadi la kukiliniki, mapiritsi omwe achimwene anatumiza pabasi kuchokera ku Johannesburg ngati alipo, ngakhale mizu ija amawiritsa mwakabisira. Mukafika khuthulani zonse patebulo la dokotala, ndipo muyankhule ndinu, chifukwa gogo akafunsidwa adzangoti ali bwinobwino.