Mizeremizere pa mapu a maginito: yambani ndi chingwe

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake mapu anu akutuluka ndi mizeremizere pamene magnetometer, chipangizo choyezera mphamvu ya maginito, mwaimangirira pamimba penipeni pa drone. Vuto lagona pomwepo. Mota iliyonse ya drone ili ndi maginito amphamvu mkati, ndipo magetsi akamayenda m'mawaya kuchokera ku batire amapanganso mphamvu yawoyawo. Chipangizocho chikumva drone kuposa miyala yomwe mukuifunayo.

Mankhwala oyamba ndi mtunda. Mukawirikiza kawiri mtunda wa pakati pa mota ndi chipangizo, phokoso la maginito limachepa pafupifupi ka 8. Ndiye chilendewetseni pa chingwe cha mamita 3 mpaka 5. Chingwe chimabwera ndi vuto lake, chimagwedezeka, choncho ulutsani m'mamawa mphepo isanayambe, ndipo pokhota musathamange. Musanapite kutchire, tengani kamaginito muyendetse pa zomangira zonse za pafupi ndi chipangizocho. Kakamatirira pena, chotsani chomangiracho muikepo cha pulasitiki kapena cha brass, chitsulo chachikasu chosamatirira maginito. Mawaya awiri a batire apoteni pamodzi ngati luzi.

Zotsalazo muzichotse pa kompyuta ndi njira ya Tolles-Lawson, masamu ochotsera phokoso la maginito lochokera ku drone. Kwezani drone m'mwamba kutali ndi nthaka, iyende mbali zonse zinayi ikupendekera uku ndi uku, kuti mudziwe phokoso lake lenileni.

Chonde musaiwale magnetometer yachiwiri yokhazikika pansi, kutali ndi galimoto ndi malata. Mphamvu ya maginito ya dziko imasintha pa tsiku, ndipo popanda magnetometer yachiwiriyo mizere ina mudzainamizira drone.