Laputopu yanga yakalamba: ndiikemo SSD kapena ndingosunga za ina?

Funso: Ndine mphunzitsi pa sekondale ina ku Ntcheu. Laputopu yanga ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito. Ndi Core i5 ya cha m'ma 2012, RAM yake ndi 4GB ndipo hard disk ndi 500GB. Masiku ano ndikaiyatsa, madzi a tiyi amawira iyo isanatsegule, ndipo Excel ya malikisi a ana imangozungulira. Mnzanga wina akuti ndiikemo SSD, wina akuti kumeneko n'kutaya ndalama. Muli mayeso ndi masikimu a zaka zambiri, ndiye ndikuopa kuti zingatayike. Nditani? Mayi mphunzitsi, Ntcheu.

Yankho: Mayi, mverani mnzanu woyambayo. Pa laputopu ya msinkhu umenewo palibe chinthu china chimene mungagule n'kuona kusintha kwakukulu ngati SSD, chosungira mafayilo chimene chimalowa m'malo mwa hard disk, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa laputopu ina.

Koma za kugula zidikire kaye. Lero lomwe lino tengani fulashi, mukopere mayeso, masikimu ndi malikisi onse. Ndikunena izi chifukwa hard disk yazaka zoposa khumi ikayamba kuchedwa chonchi, nthawi zina imakhala kuti ikufa. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa CrystalDiskInfo. Kakalemba Good, mtima pansi. Kakalemba Caution ndi mtundu wachikasu, kapena ngati mukumva kugogoda m'kati mwa laputopu, musaiyatsenso pa zinthu zina mpaka mafayilo atatuluka.

M'kati mwa hard disk muli mbale yomwe imazungulira, kawirikawiri maulendo 5,400 pa mphindi, ndi kamkono kamene kamayenda pamwamba pake kufufuza zomwe mwafuna. Windows ikamatsegula imafuna timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri, ndiye kamkonoko kamakhala ngati mwana wasukulu amene mwamutuma kukatenga mabuku ku stolo koma akubwera nalo limodzilimodzi. Mu SSD mulibe chozungulira chilichonse, muli tchipi basi. Hard disk ya laputopu imawerenga pafupifupi 100MB pa sekondi, pamene SSD ya SATA (mtundu wa polumikizira pomwe hard disk imalowa) imafika cha m'ma 500MB, ndipo pa timafayilo tating'ono tija kusiyana kwake kumaposa pamenepo. Mukafuna kudzionera nokha, tsegulani Task Manager, pulogalamu ya mu Windows yoonetsa mmene kompyuta ikugwirira ntchito, nthawi imene Excel yaima. Mukapeza Disk ili pa 100% pamene CPU (purosesa) yangokhala, vuto mwalipeza. Chinanso chimene ndimaikondera SSD ndi choti siiopa mabampu. Hard disk zambiri zimene ndaziona zitawonongeka zinali za anthu oyenda ndi laputopu m'chikwama pa kabaza kapena m'minibasi asanaithimitse bwinobwino.

Pogula ndiye pofunika kusamala. Inu mukufuna SSD ya 2.5 inchi ya SATA, yofanana kukula ndi hard disk yanuyo. Pali ina yaing'ono yopyapyala yotchedwa M.2 NVMe. Ndi yothamanga kwambiri, inde, koma laputopu ya 2012 ilibe poiika, choncho wogulitsa asakunyengerereni. SSD zambiri ndi zonenepa 7mm pamene hard disk zakale zina ndi 9.5mm. Ikamagwedera m'malo mwake, pamaikidwa kapulasitiki kotsekera mpatawo. Ya 240GB kapena 256GB ikukwanirani ngati zanu ndi Word, Excel ndi ma PDF. Ngati mumasunga mavidiyo ndi zithunzi, limbani mtima mutenge ya 480GB kapena 500GB. Mayina monga Samsung, Crucial, Kingston ndi WD ndi odziwika, koma dziwani kuti zachinyengo zomata mayina omwewo ziliko. Mtengo ukatsika modabwitsa, isiyeni. Funsani lisiti ndi waranti, ndipo ngati akuti ndi yatsopano, CrystalDiskInfo yomweyo ikuonetsani maola amene yagwirapo ntchito.

Tsopano Windows ifika bwanji mu SSD? Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi imene amati clone, kukopera zonse monga zilili. Clonezilla imachita zimenezi kwaulere, ndipo Samsung ndi Crucial ali ndi mapulogalamu awo a ntchito yomweyi. Zofunika ndi chingwe cholumikizira SSD ku USB, komanso kuti zomwe zili mu hard disk zikwane mu SSD. Yachiwiri ndi kuikamo Windows mwatsopano kuchokera pa fulashi ya 8GB. Ine ndimakonda yachiwiriyi, makamaka pa laputopu yogula kwa munthu, chifukwa clone imasamutsanso mavairasi ndi zinyalala za mwini wake wakale. Ngati Windows yanu inali yovomerezeka, kawirikawiri imadzivomereza yokha mukalumikiza intaneti, koma kiyi ya Office muipeze musanafufute kanthu. Ndipo ngati batire linatha mphamvu, musayambe ntchitoyi pa nthawi yomwe magetsi angathime.

Kusintha kwenikweniko si ntchito yaikulu. Thimitsani, zulani chaja, chotsani batire, masulani timabawuti ta kachitseko ka pansi, kokani hard disk, lowetsani SSD. Mukaona kuti simungathe, pitani nayo kwa wokonza, koma mukhale pomwepo ndipo hard disk yakaleyo mubwerere nayo kunyumba. Musalole zoti "tisinthane, tikuchotserani mtengo". Muli mayeso a ana ndi zinthu zanu zachinsinsi, ndipo fayilo yofufutidwa mu hard disk munthu wodziwa akhoza kuibweza. Ngati hard disk yakaleyo ili bwino, igulireni kabokosi ka USB izikhala mosungira.

Ndalama ikatsalako, onjezerani RAM ifike 8GB. Laputopu za nthawi imeneyo zimalowa RAM ya mtundu wa DDR3, koma yang'anani zolembedwa pa yomwe ilimo kale kuti mugule yofanana. SSD siikonza batire, siithamangitsa intaneti, ndipo ngati laputopu ikutentha mwina fani yadzaza fumbi, ipukutidwe.

Pali ziwiri zoti musaiwale. Microsoft inathetsa chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna katchipi ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, zomwe yanuyo ilibe. Ntchito igwirabe, koma samalani ndi mafulashi a anthu ndi zotsitsa pa intaneti, kapena m'malo mwa Windows yesani Linux Mint, yomwe ndi yaulere ndipo LibreOffice yake imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Chachiwiri, SSD ikamafa siigogoda ngati hard disk, imangosowa tsiku lina, ndipo kubweza zomwe zinalimo n'kovuta kwambiri. Choncho malikisi muziwakopera pa fulashi kapena pa Google Drive mukangomaliza kulemba mayeso aliwonse.