FM sibisa mawu, ine zinandionekera ku Kanjedza

Mayi, inu amene muli ndi foni ya m'nyumba yopanda chingwe, musakhulupirire wogulitsa amene wakuuzani kuti FM imene foniyo imagwiritsa ntchito imateteza zokambirana zanu. FM ndi njira yonyamulira mawu pa mafunde a wailesi, imene Edwin Armstrong anatulukira m'zaka za m'ma 1930 pofuna kuchepetsa phokoso, ndipo ndi yomweyo imene mawailesi amaulutsira pakati pa 87.5 ndi 108 MHz kuti aliyense amve. Mafoni ambiri akale opanda chingwe ankagwiritsanso ntchito FM, pa 46 ndi 49 MHz, ndipo mawu ankapita osabisika m'pang'ono pomwe.

Ife tinali nayo yotere tikukhala ku Kanjedza. Usiku wina achemwali anga anaimba akulira, atangolandira zotsatira za magazi, ndipo ine, posafuna kuti ana amve, ndinatuluka nayo foniyo n'kukaima pansi pa mtengo wa mapeyala pafupi ndi mpanda, n'kumanong'ona. Ndinawalonjeza kuti nkhaniyo ithera pa ife awiri kufikira atalimba mtima kuuza amayi. Lamlungu lomwelo, tikutuluka m'tchalitchi, mayi wina wachikulire anandigwira dzanja nati, "Pepani ndi za achemwali anu, tikuwapempherera." Miyendo inazizira, ndipo buku la nyimbo linagwa m'manja. Achemwali anakhala miyezi itatu osandilankhula, poganiza kuti ndine ndinaulula.

Pambuyo pake zinadziwika kuti aneba athu anali ndi foni ya mtundu womwewo, imene inkatola mawu athu ikakhala pa tchanelo chimodzi ndi yathu. Munthu waulemu akanatiuza tsiku loyamba lomwe. Iwo ankamvetsera mwadala kwa miyezi, kenako m'mawa n'kumabwera kudzapempha mchere akumwetulira, ndipo kufikira lero mtima wanga sunawakhululukire.

Ngati mukugula yatsopano, funani yolembedwa DECT, imene imatumiza mawu mwa digito pa 1880 mpaka 1900 MHz, ngakhale kuti mu 2008 akatswiri anaonetsa ku Berlin kuti mafoni ambiri a DECT sankabisa mawu konse. Komabe imene muli nayoyo musaitaye, chifukwa anthu ambiri alibe nthawi yomvetsera za anzawo. Ingoikani potchajira pake pakati pa nyumba, kutali ndi mpanda, ndipo ikakhala nkhani ya matenda, kwerani minibasi mukaonane maso ndi maso.