Being Human ya ku Britain: mphamvu yake ili m'nyumba

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti mnzake wakhala akumukakamiza kuti aonere Being Human, koma iye sakufuna kutayira bandulo yake pa zachibwana za omwa magazi ndi mizukwa. Akufunsa ngati seweroli ndi labwino, komanso ayambe ndi liti popeza alipo awiri.

Mayi, yambani ndi la ku Britain. Analilemba ndi Toby Whithouse, ndipo linkaonetsedwa pa BBC Three kuyambira 2009 mpaka 2013. Lili ndi masizoni asanu, magawo 36, kupatulapo gawo loyesera la 2008 lomwe ena mwa osewera ake anasinthidwa. La ku America linabwera mu 2011 pa Syfy, nkhani yake ikuchitikira ku Boston, ndipo lili ndi magawo 52. Dziwani kuti m'munsimu ndiulula zina zakutsogolo.

Atatu akukhala nyumba imodzi ya lendi ku Bristol. Mitchell ndi vampaya amene akuyesa kusiya kumwa magazi. George amasanduka mmbulu mwezi ukakhala wathunthu. Annie ndi mzukwa, anafera pamasitepe a nyumba yomweyo. Anyamata awiriwa amagwira ntchito zotsika pachipatala, kukankha odwala ndi kukolopa, kuti anthu asawazindikire.

Chokoma chagona pa tinthu ting'onoting'ono. Annie amangophika tiyi tsiku lonse ngakhale sangamwe, moti makapu ozizira amadzaza paliponse mpaka George kukwiya. George naye amaphunzitsidwa kumanga nkhuku pachingwe n'kuikoka mozungulira m'nkhalango asanasanduke, kuti mmbuluwo uzingotsata fungo usiku wonse osalowera kumene kuli anthu. Chilakolako cha Mitchell anachilemba ngati cha chidakwa: amalumbira kuti wasiya, amagwanso, kenako amanamiza anzake. Mdani wake Herrick, mtsogoleri wa mavampaya, sabwera ndi mkanjo wakuda ayi. Ndi wapolisi wonenepa pang'ono, wansangala, ndipo Jason Watkins amamusewera moti mumaseka uku tsitsi likunyanyuka. Nkhani ya Annie ndiyo yolasa mtima kwambiri, chifukwa pang'onopang'ono amakumbukira kuti sanaterereke: bwenzi lake Owen ndiye anamukankha. Apa sewerolo likukamba za nkhanza za m'banja, osati zamizimu.

Zofooka zilipo. Ndalama zinali zochepa. Kusandulika kwa George kumachititsa nthumanzi, mafupa akuthyoka, nsana ukupindika, koma mmbulu ukatulukira wonse mumaona kuti ndi munthu wavala chovala chaubweya. N'chifukwa chake amauonetsa mumdima komanso mwachidule. Malamulo a Annie nawonso sakhazikika. Lero palibe akumuona, mawa akugulitsa mowa m'bala, kenako wazimiranso, malinga ndi zimene olemba akufuna sabata imeneyo.

Vuto lalikulu limabwera nthawi zonse atatuwa akasiyanitsidwa. Mu sizoni yachiwiri aliyense ali ndi nkhani yakeyake, ndipo ya Kemp, m'busa wofuna kuthetsa zamizimu, imakoka miyendo. Chimene chimaipulumutsa ndi zakumapeto, pamene Mitchell ndi Daisy, vampaya mnzake, amapha anthu 20 m'sitima pa Box Tunnel. Sizoni yachitatu, atasamukira ku Barry ku Wales, yonse ndi ya mlandu umenewu, ndipo olemba samukhululukira Mitchell chifukwa choti ndi wooneka bwino. Kwa ine ndi yomwe inalembedwa mwaluso kuposa zonse.

Kenako Aidan Turner, amene ankasewera ngati Mitchell, anachoka kukasewera mu The Hobbit, ndipo zinthu zinasokonekera. Sizoni yachinayi ikamayamba, Nina, bwenzi la George, waphedwa kale osationetsa, George naye amafa m'gawo loyamba lomwelo. M'malo mwa makapu a tiyi tikupatsidwa ulosi wa mwana wodzapulumutsa dziko. Hal (vampaya) ndi Tom (wosanduka mmbulu), amene analowa m'malo mwa Mitchell ndi George, ndi oseketsa zedi, makamaka akamakangana kulesitilanti komwe amagwira ntchito, koma akusenzetsedwa nkhondo ya dziko lonse imene bajeti yake sikanakwanitsa. Mu sizoni yachisanu mdani ndi Satana weniweni.

Ndiye dawunilodani kaye magawo asanu ndi limodzi a sizoni yoyamba. Lililonse ndi pafupifupi ola limodzi. Akakukomerani pitirizani mpaka kumapeto kwa yachitatu, pamene nkhani ya Mitchell imathera. Ana akhale atagona, chifukwa muli magazi ambiri, kutukwana ndi zakuchipinda.