Kodi Bwalo la Gofu Lingateteze Nyama Kuno ku Tete?

Funso: Akonzi, ndamva kuti mabwalo a gofu amathandiza kusamalira nyama zakutchire. Nanga kuno ku Tete, kumene dzuwa limawotcha kwambiri m'chilimwe, bwalo lotere silingangosakaza madzi? Ndine bambo wa ku Moatize.

Yankho: Nkhawa yanu ndi yomveka, bambo. Kapinga wa pabwalo la gofu amafuna kuthiriridwa pafupipafupi, ndipo feteleza ndi mankhwala ophera tizilombo akachuluka amakokoloka ndi mvula, moti kuno akhoza kukathera mu mtsinje wa Revúbuè kapena wa Zambezi, momwe asodzi amapezamo nsomba.

Komabe zimene munamvazo si zabodza. Bwalo la Skukuza, m'nkhalango ya Kruger ku South Africa, linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo lilibe mpanda, kotero osewera amadutsana ndi njiri zikudya udzu zitagwada, nswala, ngakhalenso mvuu za m'dziwe lapafupi. Tisaiwale kuti nyamazo zinalipo kale bwalolo lisanabwere. Kuyambira 1991, bungwe la Audubon International limapereka ziphaso kwa mabwalo amene amachepetsa mankhwala ndi kusunga malo a mbalame ndi nyama.

Ife tikuona kuti bwalo la kuno lingavomerezeke pokhapokha eni ake atasiya milambe ndi mitengo ya masau ili chiimire, atathirira usiku malo ozungulira maenje ogwetseramo mpira okha pogwiritsa ntchito madzi otayidwa amene ayeretsedwa, ndiponso atayamba afunsa anthu oyandikana nawo amene amatunga madzi m'dera lomwelo.