Madzi okha mu radiyeta ya Rotax? Ayi achimwene

Achimwene, amene wakuuzani kuti antifreeze, mankhwala oletsa madzi a mu injini kuundana, ndi wa ku Ulaya, kuno madzi a pampopi amakwanira, ameneyo sanagonepo ku Free State, ku South Africa, mwezi wa June. Ine ndimayendetsa kandege ka mipando iwiri ka pafamu pomwe ndimagwira ntchito kufupi ndi Bethlehem, injini yake Rotax 912 ngati yanuyo. Paja masilinda ake amazizira ndi mphepo koma mitu yake imadalira madzi. Madziwo akasiya kuzungulira, mituyo imatentha msanga.

Tinakasinthitsa mapaipi a madzi kwa mkulu wina wokonza ndege, dzina ndisunga. Anakhuthula coolant yense, madzi oziziritsa injini aja, n'kudzazamo madzi, kenako kudonthezeramo ka antifreeze kotsalira m'botolo kuti mtundu uzioneka. Papepala analemba 50/50, kutanthauza theka madzi, theka antifreeze. Usiku wina ndege inagona panja chifukwa mu hangar, mosungira ndege, munadzaza mabelo a udzu. Kutacha, bwalo lonse mbuu ndi chisanu. Ndinaliza injini, oilo n'kutentha kufika madigiri 50, ndinanyamuka. Ndisanadutse n'komwe mitengo ya kumapeto kwa munda, singano ya geji ya kutentha inayamba kukwera ine ndikuyang'ana, 110, 120, osaima. Fungo la labala wopserera linadzaza mkati. Nthunzi ikutuluka m'mbali mwa chivundikiro cha injini, timadontho tikugwera pagalasi n'kuuma gwa pomwepo, kutsogolo sikukuoneka. Pansi pali mawaya a magetsi, mpanda, ng'ombe. Manja anachita dzanzi, pakamwa gwa, ndinkangomva mtima ukugunda m'makutu mkati mwa headset. Ndinachepetsa mphamvu, kusuzumira pawindo la m'mbali, n'kuigwetsera m'munda wokolola kale, mapesi akuwomba kunsi kwa ndege phwa phwa phwa mpaka inaima. Ndinakhala momwemo osatha kumasula lamba.

Titatsegula tinapeza radiyeta itang'ambika pamsoko. Ayisi anali atatseka njira, pampu imangokankha pachabe, madzi a m'mitu n'kuwira. Madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, timachubu ta aluminiyamu sitingapirire zimenezo. Tangoganizani, injini kupsa m'mawa woti munthu mano akugundana! Ndiye mkulu uja pafoni akuti mwina ndinawonjezera ndekha madzi. Ine? Munthu wadya ndalama ya antifreeze, watsala pang'ono kusiya ana anga amasiye, n'kumandiyankha ngati tikukangana za tayala la wilibala. Mpaka lero sanapepese, ndipo ndikumva kuti akugwirabe ndege za anthu.

Thirani theka antifreeze wa ethylene glycol, theka madzi a distilled, ochotsedwa mchere aja, osati a pampopi kapena a pamjigo, amenewo amasiya zokanirira ndipo amadya aluminiyamu. Msanganizo umenewu suundana mpaka cha pa madigiri -37. Kumbukiraninso kuti mukamakwera, kumazizira ndi madigiri pafupifupi 2 pa mafiti 1,000 aliwonse, ndiye pansi pakhale bwinobwino, kumwamba ndi nkhani ina.

Koma musapse mtima n'kuthira antifreeze yekhayekha. Payekha amaundana cha pa -13, komanso sachotsa kutentha ngati madzi. Ngakhale injini za Merlin za mu Spitfire, ndege yankhondo ya ku Britain, zinayamba ndi glycol yekha, kenako anasintha n'kumathira madzi 70, glycol 30. Ngati mwanu muli coolant wopanda madzi uja, monga wa Evans, musamuphatikize ndi madzi ngakhale pang'ono. Onaninso chivindikiro cha thanki ya coolant, chikhale cha 1.2 bar, apo ayi madzi amawira msanga.

Makaniko musamukhulupirire, ngakhale akhale wa kumpingo kwanu. Gulani ka refractometer, kachipangizo koyezera kuchuluka kwa antifreeze m'madzi, dontho limodzi mwadziwa zoona, mtundu wa madzi umanama. Komanso musamatsegule mapaipi nokha achimwene, mpweya ukatsalira mkati injini ipsa chimodzimodzi, pitani nayo kwa wa laisensi asayine m'buku la ndegeyo. Botolo la antifreeze lokha mugule nokha, ndipo pothira muime pomwepo.